Chitha Msanga N'chiti? Funso Lolamula Masamu a Kemisitiri

Pa ukwati wa kumudzi, amayi akadzuka mbandakucha kukakonza pophikira sawerenga miphika yokha. Mphika uliwonse umafuna mafuwa atatu. Tiyerekeze kuti miphika yabwerekedwa 10 ndipo anyamata atuta mafuwa 24. Wongodutsa anganene kuti mafuwa achuluka, yachepa ndi miphika. Koma mayi wozolowera kuphikira gulu waona kale kuti moto uyaka pamalo 8 pokha, ndipo miphika iwiri ikhala pambali chovundikira. Mafuwa, ngakhale ali ambiri powerenga, ndiwo ayamba kutha, ndipo ndiwo alamula kuchuluka kwa nsima yophikidwa nthawi imodzi.

Mutu umene umasautsa ophunzira ambiri a kemisitiri, uja m'mabuku amautcha limiting reactant, ndi nkhani yomweyi. Zinthu ziwiri zikasakanizidwa n'kusanduka chinthu chatsopano sizigwirana mwachisawawa. Zimagwirana pa muyeso wokhazikika, ndipo chimodzi chikatha ntchito yaima, kaya chinzake chatsala mulu. Choyamba kuthacho ndicho chimanena kuti tipeza zochuluka bwanji. Chotsalacho, chimene amachitcha excess, chimangokhala phee. Fanizo langa lili ndi polekezera, chifukwa mafuwa ndi miphika sizisanduka nsima pomwe mu kemisitiri zosakanizazo zimasandukadi, koma kawerengedwe n'kamodzi. Ine ndimaona kuti wolephera funsoli nthawi zambiri masamu amawadziwa. Amagwa chifukwa amadzifunsa kuti "chochepa n'chiti?" pamene funso loyenera ndi lakuti "chitha msanga n'chiti?"

Zoti zinthu zimagwirana pa muyeso zinadziwika bwino zaka 200 ndi kuposerapo pang'ono zapitazo. Antoine Lavoisier wa ku Paris, amene ankayeza chinthu pa sikelo asanachiwotche ndiponso atachiwotcha, analemba m'buku lake la mu 1789 kuti kulemera kwa zolowa kumafanana ndi kulemera kwa zotuluka, palibe chimazimirira. Mu 1792 Jeremias Richter wa ku Germany anapatsa masamu amenewa dzina loti stoichiometry, lochokera ku Chigiriki. Joseph Proust anasonyeza kuti chinthu chimodzimodzi, kaya chakumbidwa pansi kaya chapangidwa mu labotale, zosakaniza zake zimakhala pa muyeso womwewo. Chifukwa chake anachipereka ndi John Dalton wa ku Manchester mu 1808: zinthu n'zopangidwa ndi maatomu, ndipo maatomu amagwirana athunthuathunthu, imodzi kwa awiri, imodzi kwa atatu. Mphika sukhala pa mafuwa awiri ndi theka.

Apa ndiye pagona vuto. Maatomu amagwirana mowerengana, koma ife m'manja tili ndi sikelo, ndipo maatomuwo salemera mofanana. Atomu ya okosijeni imalemera kuwirikiza ka 16 atomu ya haidirojeni. Mmisiri wa matabwa amazidziwa izi pogula misomali ya pa kilo: kilo ya misomali ya mainchesi awiri imakhala ndi misomali yambiri kuposa kilo ya mainchesi sikisi, ndipo ngati phaso lililonse lifuna misomali inayi, ayenera kudziwa kuti m'kilomo muli misomali ingati. Akatswiri a kemisitiri amawolokera kuchoka pa sikelo kupita pa kuwerenga pogwiritsa ntchito mole. Monga thireyi ya mazira ili mazira 30, mole imodzi ndi tinthu 6.022 × 10²³, nambala imene inatchedwa dzina la Amedeo Avogadro wa ku Italy. Kukula kwake kusakuopseni, pa masamu athuwa simudzaigwira. Chofunika n'chakuti mole imodzi ya chinthu imalemera magalamu amene mungawapeze pophatikiza manambala a pa periodic table. Haidirojeni, H₂, ndi magalamu 2. Okosijeni, O₂, ndi 32. Madzi, H₂O, ndi 18. Mukagawa magalamu amene muli nawo ndi kulemera kwa mole imodzi, mwapeza chiwerengero cha ma mole.

Tiyeni tione pa madzi. Equation yake ndi 2H₂ + O₂ → 2H₂O, kutanthauza kuti ma mole awiri a haidirojeni amafuna mole imodzi ya okosijeni n'kutulutsa ma mole awiri a madzi. Tengani magalamu 10 a haidirojeni ndi magalamu 10 a okosijeni. Pa sikelo n'zofanana ndendende, ndipo munthu angaganize kuti tipeza madzi a magalamu 20. Koma 10 kugawa ndi 2 ndi ma mole 5 a haidirojeni, pomwe 10 kugawa ndi 32 ndi 0.3125 chabe ya okosijeni. Okosijeni wochepa chotere akufuna haidirojeni wa ma mole 0.625 basi, ndiye akatha, haidirojeni wambiri atsala osakhudzidwa. Madzi atuluka ma mole 0.625, amene pochulukitsa ndi 18 ndi magalamu 11.25. Haidirojeni wagwira ntchito ndi magalamu 1.25, wotsala ndi 8.75. Phatikizani 11.25 ndi 8.75, mupeza 20, zomwe munayamba nazo. Kuphatikiza komalizaku musamakudumphe. Ndi Lavoisier akukuchongerani pepala kwaulere, ndipo zikapanda kufanana dziwani kuti mwapunthwa penapake.

Njira zopezera choyamba kutha zilipo zingapo, ndipo aphunzitsi amasiyana pa imene amaikonda. Ena amati tengani chimodzi, werengerani kuti chifuna chinzake chochuluka bwanji, kenaka onani ngati chilipo chokwanira. Umo ndi mmene tachitira pa madzi. Ena amati werengerani zotuluka kawiri, kamodzi kuchokera pa chilichonse, ndipo yankho laling'ono ndilo loona. Njira imeneyi ndi yaitali koma sinamiza, ndipo imakupatsiranitu yankho la funso lotsatira. Yachitatu ndi ya amayi a pa ukwati aja: gawani ma mole a chilichonse ndi nambala imene ili kutsogolo kwake mu equation. Mafuwa 24 kugawa ndi 3 ndi 8, miphika 10 kugawa ndi 1 ndi 10, ndipo 8 ndiye walamula. Ine ndimakonda yachitatuyi chifukwa imagwira ntchito ngakhale zosakaniza zikhale zitatu kapena zinayi, komanso nambala yaing'ono ija ikapezeka, zonse zotsala zimachokera pa iyo. Ichulukitseni ndi nambala ya kutsogolo kwa chotuluka, mwapeza ma mole ake. Ichulukitseni ndi nambala ya kutsogolo kwa chotsala, mwapeza chimene chadyedwa. Chenjezo n'lakuti nambala yogawayo si ma mole a chinthu chilichonse, ikungonena kuti equation yayenda kangati. Ambiri amaitenga ngati ma mole a chotuluka n'kuiwala kuchulukitsa, yankho n'kukhala theka la loona.

Misampha ikuluikulu ikuoneka bwino pa amoniya, amene equation yake ndi N₂ + 3H₂ → 2NH₃. Ikani makilogalamu 28 a nayitirojeni ndi makilogalamu 9 a haidirojeni. Sikelo ikunena kuti nayitirojeni wachuluka kuposa katatu. Koma makilogalamu 28 ndi ma mole 1,000, ndipo makilogalamu 9 ndi ma mole 4,500, amene pogawa ndi 3 ndi 1,500. Nayitirojeni, wolemera yemweyo, ndiye atha msanga. Amoniya atuluka ma mole 2,000, omwe ndi makilogalamu 34, ndipo haidirojeni atsala makilogalamu 3. Wophunzira amene wagwidwapo ndi msampha umenewu amalumbira kuti kuyambira lero aziyang'ana ma mole, kenaka amagwera m'dzenje lachiwiri. Mpatseni ma mole 2 a nayitirojeni ndi ma mole 3 a haidirojeni, anena kuti nayitirojeni ndiye wachepa. Chonsecho 3 kugawa ndi 3 ndi 1, pomwe 2 kugawa ndi 1 ndi 2. Haidirojeni ndiye atha, monga mafuwa aja. Dzenje lachitatu ndi equation yosalinganizidwa. Mukalemba N₂ + H₂ → NH₃ n'kuyamba kuwerengera, masamu onse angakhale aukhondo koma yankho n'lakufa kale, chifukwa mwanena kuti mphika umakhala pa mwala umodzi.

Mu labotale ya pasukulu zosakaniza zambiri zimabwera zosungunulidwa m'madzi, ndipo zotuluka zina ndi mpweya. Palibe chatsopano, koma njira yopezera ma mole ndiyo imasintha. Pa zamadzimadzi mumachulukitsa mphamvu yake, yolembedwa pa botolo kuti ma mole angati pa lita, ndi malita amene mwathira. Pa mpweya, mole imodzi imatenga malo a malita pafupifupi 24 pa kutentha kwa m'chipinda. Chitsanzo chodziwika ndi maginiziyamu mu asidi: Mg + 2HCl → MgCl₂ + H₂. Ponyani magalamu 2.4 a maginiziyamu, omwe ndi mole 0.1, mu mamililita 100 a asidi wa mole imodzi pa lita, amenenso ndi mole 0.1. Ma mole afanana, koma asidi akufunika kawiri, choncho atha equation itayenda 0.05 yokha. Thovu lisiya kutuluka, mpweya wa haidirojeni ukhala malita 1.2, ndipo pansi pa galasi patsala magalamu 1.2 a chitsulocho. Apa yankho mumaliona ndi maso, chifukwa chotsala chili pomwepo. Mayeso a MSCE akayandikira, kuyesa kumodzi kotereku kumaphunzitsa kuposa masamba asanu a manotsi, ndipo n'zachisoni kuti ophunzira ambiri amangokumva m'makutu.

Zonse tawerengerazi ndi za papepala. Zimanena malire amene simungapitirire, amene m'mabuku amawatcha theoretical yield. Zimene mupezadi zimachepa nthawi zonse, chifukwa zina zimakakamira m'galasi, zina zimatayika posefa, zina zimasanduka chinthu china chimene simunachifune. Mukagawa zopezekazo ndi za papepala n'kuchulukitsa ndi 100, mwapeza percentage yield. Wowotcha laimu angatithandize apa. Mwala wa laimu ukapsa, CaCO₃ → CaO + CO₂, ndipo pa makilogalamu 100 alionse, 56 amatsala ngati laimu pomwe 44 amauluka ngati mpweya. Tiyerekeze kuti munthu wawotcha makilogalamu 100 a miyala n'kupeza 40. Mungathamangire kunena kuti wakwanitsa 71 peresenti. Koma ngati miyala yakeyo inali ndi 85 peresenti yokha ya CaCO₃, inayo ili mchenga ndi dongo, malire ake anali makilogalamu 47.6, ndipo wakwanitsa 84 peresenti. Uvuni wake si woipa monga timaganizira, miyala ndiyo yosakanikira. Ndiponso yankho likadzapitirira 100 peresenti musadzaombe m'manja. Mwina zomwe mwayezazo n'zonyowa, mwina muli zinyalala, mwina mwawerengera kuchokera pa chotsala.

Amoniya uja ali ndi phunziro lina limene mabuku a kusekondale amalidutsa mofulumira. Fritz Haber anasonyeza mu 1909 kuti nayitirojeni wa mumlengalenga angathe kugwirizana ndi haidirojeni, ndipo Carl Bosch wa kampani ya BASF anamanga fakitale yoyamba ku Oppau mu 1913. M'mafakitale otere mpweya umatenthedwa kufika madigiri 400 mpaka 500 ndi kupanikizidwa kuwirikiza ka 150 kapena kuposa mmene ulili panja. Ngakhale atero, ukadutsa kamodzi, pafupifupi 15 peresenti yokha ndiyo imasanduka amoniya. Palibe chimene chatha. Amoniya amene wapangika amayambanso kuphwasuka kubwerera ku nayitirojeni ndi haidirojeni, mpaka kupanga ndi kuphwasuka zilingane. Choncho amaziziritsa mpweyawo, amoniya amasanduka wamadzi n'kumuchotsa, wotsalawo amaubweza kuti udutsenso, mobwerezabwereza, mpaka pafupifupi wonse wagwira ntchito. Masamu a choyamba kutha amanena denga, koma sanena ngati mudzafikako, kapena kuti mudzafikako liti.

Amoniya ameneyo ndiye kholo la yureya amene alimi amabereketsa naye chimanga. Equation yake mwachidule ndi 2NH₃ + CO₂ → CO(NH₂)₂ + H₂O. Mole imodzi ya yureya imalemera magalamu 60, ndipo 28 mwa amenewo ndi nayitirojeni. Gawani 28 ndi 60, mupeza 46.7 peresenti, ndipo mudziwa kumene 46 wa pa thumba anachokera. Thumba la makilogalamu 50 lili ndi nayitirojeni wa makilogalamu 23, ndipo kuti lipangidwe pamafunika, papepala, amoniya wa makilogalamu 28.3 ndi mpweya wa CO₂ wa makilogalamu 36.7. Kumunda nkhani yake ndi yapachibale. Carl Sprengel ndi Justus von Liebig a ku Germany, m'zaka za m'ma 1800, anaphunzitsa kuti mbewu imakula molingana ndi chakudya chimene chikupereweradi m'nthaka. Munda wosowa fosiforasi simungauchiritse pothira yureya matumba awiri. Mbewu si galasi la mu labotale ndipo muyeso wake suli wokhazikika chotero, koma mzimu wa lamuloli ndi womwewo.

Chimene ine ndimachiona chokoma kwambiri pa mutuwu, ndipo sichikambidwa mokwanira m'kalasi, n'chakuti kunja kwa sukulu choyamba kutha sachipeza mwangozi. Amachisankha dala. Opanga yureya amathira amoniya wopyola muyeso wa papepala kuti CO₂ wambiri asanduke. Wopanga mankhwala amaonetsetsa kuti chokwera mtengo chithe chonse, chotsika mtengo kapena chosavuta kuchotsa ndicho chitsale. Amayi opanga sopo m'magulu amachita masamu omwewa ngakhale sawatchula dzina. Mafuta ndi kositiki soda zimagwirana pa muyeso, ndipo soda akatsala sopo amawotcha khungu, pomwe mafuta akatsala pang'ono sopo amangokhala wofewa m'thupi. N'chifukwa chake wodziwa ntchito amachepetsako soda kuti ndiye ayambe kutha. Funso lake limakhala lakuti chotsalacho chikhale chiti, chifukwa china chikatsala chimavulaza.

Pa moto ndiye nkhaniyi imakula. Injini ya petulo imafuna mpweya wa makilogalamu 14.7 pa kilogalamu iliyonse ya mafuta kuti zonse zipse bwino, ndipo magalimoto amakono ali ndi kachipangizo pa ekizozi koyeza okosijeni wotsala kuti kompyuta ya galimoto iwonjezere kapena kuchepetsa mafuta. Minibasi ya dizilo imene imafuka utsi wakuda pokwera phiri ikukuuzani kuti mkati mwake mafuta apambana mpweya, ndipo mwaye umene mukuuonawo ndi mafuta ogulidwa ndi ndalama amene sanapse. Nthawi zina akatswiri amafuna zomwezo dala. Madzi amafuna okosijeni wolemera ka 8 kuposa haidirojeni, monga 32 kwa 4, koma injini zikuluzikulu za Space Shuttle ya ku America zinkayendera muyeso wa pafupifupi 6 kwa 1. Haidirojeni wotsalayo ankachepetsa kutentha kuti injini isasungunuke, komanso pokhala wopepuka ankathandiza mpweya kutuluka mwaliwiro.

Tibwere kunyumba, pa mbaula. Mbali yaikulu ya makala ndi kaboni. Mpweya ukakwanira, C + O₂ → CO₂, ndipo magalamu 12 a kaboni amadya magalamu 32 a okosijeni. Kilogalamu imodzi ya kaboni ndi ma mole 83, amene akufuna ma mole 83 a okosijeni, ndiwo malita pafupifupi 2,000. Mpweya umene timapuma uli ndi 21 peresenti yokha ya okosijeni, choncho kilogalamu imodziyo ikufuna malita pafupifupi 9,500 a mpweya. Chipinda cha mamita 3 m'litali, 3 m'lifupi ndi 2.5 kupita m'mwamba chimasunga malita 22,500. Ndiye kuti makala a kilogalamu imodzi angathe kudya magawo anayi mwa magawo khumi a okosijeni wa m'chipinda chotseka, momwemo muli anthu akupuma.

Koma apa masamu a papepala amanyenga, chifukwa moto okosijeni akachepa suima monga maginiziyamu anaimira m'galasi. Umasintha equation. Umayamba kuyenda 2C + O₂ → 2CO, imene imafuna theka la okosijeni pa kaboni yemweyo, ndipo chotuluka ndi carbon monoxide. Izi sizidikira kuti chipinda chonse chithe mpweya. Pakatikati pa mulu wa makala, pamene mpweya sufika bwino, okosijeni ndi wopereweratu kuyambira pachiyambi, ndipo chipinda chikatsekedwa zimangonyanya. Mpweya umenewu sununkha, suoneka, sutsokomoletsa. Umakakamira m'magazi mwamphamvu kuposa okosijeni kuwirikiza ka 200, ndipo munthu amayamba kumva mutu, chizungulire ndi tulo, zimene usiku wa mu Juni amangoziyesa kutopa. Makala ofiira opanda utsi, amene ambiri amati apsa bwino ndipo ndi abwino kulowetsa m'nyumba, amautulutsabe. Mukaotha m'nyumba tsegulani zenera, ndipo mbaula itulutseni panja musanagone.